Yankho Linachokera Pazenera

Panali mphunzitsi wina wa Sitandade 4, munthu wakhama, wosachedwa ku ntchito. M'kalasi mwake munali mtsikana dzina lake Tinyade, amene ankabwereza kalasiyo. Tinyade kuwerenga kunkamukanika. Akayang'ana m'buku, zilembo zinkamusokonekera, mzere uwu n'kulowerera mu mzere uwo. Anzake akamatembenuza tsamba, iye n'kuti akadali pa mawu oyamba.

Mphunzitsi anaganiza kuti ndi maso. Anamukhazika kutsogolo, n'kuyamba kulemba pabolodi zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale wodutsa pamsewu n'kuwerenga. Sizinathandize. Kuchipatala anati maso ali bwinobwino. Ndiye mphunzitsi anagamula yekha kuti ndi ulesi. Ndipo mankhwala a ulesi kusukulu tonsefe tikuwadziwa, ndi chibalo.

Kuyambira pamenepo, Tinyade akalephera kuwerenga m'mawa ankapatsidwa chikwakwa kuti akatchetche udzu anzake akuphunzira. Mayi ake nawo anali atatopa. Anabwera kusukulu n'kunena mosabisa kuti, “Aphunzitsi, akalepheranso chaka chino basi. Achemwali anga kutauni akufuna wowalerera mwana.”

Tinyade anamva, ndipo mtima unamuwawa, chifukwa sukulu ankaifuna.

Bwalo la sukuluyo linali lalikulu, udzu mbali zonse. Koma iye ankatchetcha malo amodzi okhaokha, pansi pa zenera la kalasi yake. Udzu unatha pamalopo, panatsala dothi lokha, iye n'kumangopalapala dothilo. Mphunzitsi ataona anapukusa mutu. Anati ulesi wake ndi umenewu.

Tsiku lina pa phunziro la sayansi anafunsa kuti, “Dzana ndinakuuzani mmene mvula imapangikira. Ndani angatikumbutse?”

Akatswiri owerenga aja anaweramira pansi, ena n'kumasakasaka m'makope. Kenako panamveka mawu aang'ono kuchokera pazenera.

“Dzuwa likatenthetsa madzi, amakwera ngati nthunzi. Akafika kumwamba amazizira n'kusanduka mitambo, ndipo mitamboyo ikalemera imagwetsa mvula.”

Mphunzitsi anaima njii, choko chili m'manja. Mawuwo anali ake omwe, ndipo tsiku limene anawanena mwanayo anali panja, pa chibalo. Apa m'pamene anamvetsa chifukwa chimene udzu unathera pansi pa zenera pokha. Mwanayo ankaphunzira ndi makutu, ndipo iye ankamulanga pomuchotsa pamene akanamva. Manyazi anamugwira kwambiri.

Anatuluka panja. Analandira chikwakwa m'manja mwa Tinyade, n'kuchitsamiritsa kukhoma, n'kunena kuti, “Lowa, mwana wanga. Malo ako ndi m'kati.”

Kuyambira tsikulo, zimene ankalemba pabolodi ankazinenanso pakamwa. Sankamuimiritsanso Tinyade kuti awerenge anzake akumuseka. Ena akaweruka, ankakhala naye pamchenga, mwana akulemba chilembo ndi chala uku akutchula liwu lake, lero chimodzi, mawa china, osathamanga. Mayeso a sayansi ndi masamu atafika, anapempha ahedi kuti amuwerengere mafunso, popeza chimene ankayesa ndi sayansi ndi masamu, osati liwiro la kuwerenga. Ahedi anavomera.

Pa tsiku lotsekera sukulu, makolo atasonkhana kudzamva zotsatira, dzina la Tinyade linamveka pakati pa okhoza. Sanali nambala wani, ayi. Kuwerenga ankawerengabe pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Koma mayi ake anaimba nthungululu mpaka mawu kusasa, ndipo achemwali a kutauni anafuna wina wowalerera mwana.

Tsono inu aphunzitsi anzanga, vuto limeneli lili ndi dzina, akatswiri amati disileksiya. Si ulesi, si kupusa, ndipo chikwakwa sichilichiza. Mwana wotere nzeru ali nazo, zilembo zokha ndi zimene zimamuvuta. Mupatseni phunziro kudzera m'makutu ndi m'manja, zilembozo zizibwera pang'onopang'ono, ndipo zidzabwera ndithu. Mawa mukafika kusukulu, musanalowe m'kalasi, muyambe mwazungulira kuseri. Mukaone ngati pansi pa zenera lanu udzu ukadalipo.