Nthenga Yofiira ya Ndaziona

"Tikalowa m'nkhalango ya Ntchisi, phazi lako liziponda pamene paponda langa. Nkhungu ikakupeza uli wekha, usathamange. Upeze mtengo wa mizu yotambalala, uziumenya ndi ndodo mpaka ndikupeze."

Amene ankanena izi anali a Kachingwe, malume ake a Ndaziona, omwe ntchito yawo inali yoperekeza alendo akunja odzaona mbalame ndi mitengo ya m'nkhalangomo. Tsikulo anamutenga mtsikanayo chifukwa anali atawasowetsa mtendere popempha kuti apite nawo. Koma Ndaziona makutu ake anali ongokongoletsa mutu. Anayankha kuti wamva, maso ali pa makamera a alendo.

M'nkhalangomo munali mdima ngakhale dzuwa linali pamutu. Mayi wina mwa alendowo anadandaula kuti wawoloka nyanja pa ndege, koma nkulukulu, mbalame ya mapiko ofiira ija, sanaionebe. Posakhalitsa Ndaziona anaiona ikuuluka cha kumanzere, nthenga imodzi ikugwera kumunsi kwa njira.

"Ndaziona, pamene paponda langa," anatero malume osacheuka n'komwe.

Mtima wake unali utatsalira pa nthengayo. Ankadziona kale akuipereka kwa mlendo uja, anthu akumuombera m'manja. Anayamba kuyenda monyinyirika.

"Mwanawe, ndati pamene paponda langa."

Malume atatembenuka kuti aonetse alendo maluwa omera pa nthambi, Ndaziona anazemba. Anatsetsereka, natola nthengayo, naseka yekha. Podzuka anapeza nkhungu yatseka ponseponse. Njira kunalibe, mawu a anthu kunalibe. Anaitana, koma nkhungu inameza mawu ake.

Kenaka nchima, anyani a m'nkhalangomo, zinayamba kukuwa m'mitengo, zikuthawira m'mwamba. Masamba anachita tswa. Pa chipika chakugwa panaima kambuku, mchira ukugwedera pang'onopang'ono, maso ali pa iye.

Mantha anamugwira. Miyendo inkati tithawe, koma m'mutu munamveka mawu aja: usathamange. Anabwerera chafutambuyo, pang'onopang'ono, mpaka msana wake unagunda muzu wotambalala ngati chitseko. Anapapasa pansi, napeza ndodo, namenya.

Gu! Mtengo unalira ngati ng'oma. Kambuku anatsika pa chipika paja. Gu! Anasendera, makutu atagona. Ndaziona anamenyabe, misozi ili chuchuchu, zikhatho zikusupuka, osaleka. Ndipo kumtunda kunamveka mtengo wina ukuyankha, kenaka wina pafupi, kenaka wenzulo ndi mawu a amuna akuthyola tchire. Kambuku anaima, nasuzumira uku ndi uku, nalowa m'nkhungu.

A Kachingwe anafika malaya atang'ambika, namukumbatira mwamphamvu. Alendo anaomba m'manja, osati chifukwa cha nthenga, koma poona mwana ali moyo.

"Lamulo loyamba unaliswa," anatero malume. "Lachiwiri ndi limene lakutulutsa m'kamwa mwa chilombo. Tsopano nthengayo ibweze pamene unaitola."

Ndaziona anaiika pansi ndi manja awiri. Lero ndi mayi wamkulu, ndipo ndi iye amene amatsogolera alendo m'nkhalangomo. Asanalowe amayamba wawaonetsa mmene muzu umalirira.

Tsono ana inu, wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndaziona anapulumuka chifukwa mawu amodzi anali atatsalira m'khutu mwake. Inu musadikire kambuku kuti akukumbutseni. Wamkulu akati ponda apa, pondani pomwepo.