Mano a Ndaziona

Kalekale, agogo a agogo anu asanabadwe, panali mudzi woopa mfiti koposa njala. Kumeneko ankati mfiti imadziwika ndi mano a m'munsi. Akapanikizana, lina n'kukwera pa linzake, ndiye kuti mwini wake amakukuta mafupa a akufa.

Maliro akagwa, ankaitana Chidzanja, mkulu wosinja mwabvi. Iye ankandandalika anthu padzuwa, n'kumasuzumira m'kamwa ngati akugula mbuzi.

Chaka china anagwira Msatero, mkulu wake wa mayi wina dzina lake Ndaziona. Msatero anamwa mwabvi, n'kufa, mtembo n'kutayidwa kutchire. Ndaziona, poopa kuti angamuphatikize, anaomba nawo m'manja.

Mvula inagwa, n'kugwanso, n'kugwanso, mpaka Ndaziona anamera imvi. Tsiku lina Ndaziona analuma chinangwa, nayang'ana polumapo. Mzere unali wokhota. Anayendetsa lilime. Dzino lina linali litabisala kumbuyo kwa linzake.

Mantha anamugwira. Kuseka analeka. Kudya pagulu analeka. Polankhula, dzanja pakamwa. Ankakankha dzinolo ndi chala mpaka magazi, koma dzino silimva pempho.

Kenaka mwana wina anamwalira, ndipo Chidzanja anabwera ndi kamtondo kake.

"Yasamulani, mayi."

Ndaziona anayasamula.

"Nayi ina. Ndi magazi amodzi ndi ija," anatero Chidzanja, naseka chikhakhali.

Pakusekapo, Ndaziona anaona m'kamwa mwake. Munthu woti afa saopanso kanthu.

"Bambo, nanunso yasamulani. Anthu aone."

Chidzanja anatseka pakamwa kuti phaa, koma amuna awiri anamugwira chibwano. Mano ake a m'munsi anali piringupiringu, kuposa a Ndaziona.

Pamenepo aliyense waimvi anayamba kuyendetsa lilime mwakachetechete. Uyu chimodzimodzi. Uyo chimodzimodzi. Mano osalala anali a achinyamata okha. Basi, mwabvi uja anaukhuthulira pansi.

Mwamva, ana inu? Mano a m'munsi amasendera okha munthu akamakula, monga imvi zimabwera zosaitanidwa. Palibe ufiti pamenepo. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Ndaziona anapulumuka, koma chimwemwe analibe. Analowa m'tchire kufuna pamene anataya mkulu wake, kuti apepese. Anafuna, nafuna, nafuna. Afisi anali asanasiyepo ngakhale fupa limodzi.

Nthano yanga ndi yomweyo, yathera pomwepo.