Bwemba Wootchera Njerwa

Mwabwera ndinu ana anga aakazi awiri, ndi inu akamwini aang'ono. Akamwini aakulu aja, eni nkhwangwa, akuti mutu wawagwira. Mukawafikitsire mawuwa.

Panali munthu wina amene anaumba njerwa kuti amangire mayi ake nyumba yamalata. Mtima unali wabwino ndithu. Atasanja uvuni, nkhuni zinaperewera, ndipo maso ake anagwera pa mtengo wa bwemba umene unali kuseri kwa nkhokwe.

Mtengowo ndiwo unamulera. Chaka cha njala mayi ake ankaviika bwemba m'madzi, n'kusefa, n'kuthira m'phala la gaga kuti litsike kukhosi. Akadwala malungo, m'kamwa muli khambi, ankamumwetsa madzi owawasawo mpaka ayambenso kufuna chakudya. Zonsezi anali ataiwala.

"Mwanawe, dikira zipatsozi zipse kaye, ndiyanike ndisunge mumtsuko," anatero mayiwo. "Kwatsala masabata atatu okha."

"Amayi, mvula sidikira munthu. Zakudya za anyanizi mukuzifuniranji? Ndizikugulirani zakumwa za m'botolo."

Anaugwetsa zipatso zili ziwisi. Unayaka bwino, njerwa zinapsa kuti psuu. Ndi chitsa chomwe anazula, ati chingaphuke pabwalo.

Nyumba inatha. Mayi aja anagonamo miyezi iwiri, kenaka anadwala. Phala la mkaka anakana. Za m'botolo analawa n'kulavula.

"Kaphala ka bwemba kokha, mwanangu."

Munthu uja anazungulira mudzi wonse. Khomo lililonse anamulozera ku uvuni: anzake anaonera iye, mitengo yawonso inathera kumoto. Anapalasa njinga mpaka ku msika wa kuchigwa, ulendo wa tsiku lathunthu. Pobwera ndi kajumbo kake ka bwemba, anapeza masamba a maliro atayalidwa pamsewu.

Sindikuti bwembayo akanawachiritsa ayi, zimenezo adziwa ndi achipatala ndi Mulungu. Koma akanapita atalawa chimene mtima unafuna.

Tsono inu, njerwa mumaumba mwezi umodzi, mtengo wa zipatso umafuna zaka za mwana wofika pa chinamwali. Pakhomo pano akamwini aakulu anadula misuku iwiri, inu akamwini aang'ono mpoza umodzi, mdzukulu wanga wa ku tauni msawu uja. Nonse munati mubzala ina. Wabzalidwa ndi mpoza wokha, nawonso mbuzi zinadya poti simunatchinge. Yonse inayi ikadali ngongole kwa inu, ndipo ine chakudya chayamba kale kundikanika.