Mikanda ya a sisi Estere ndi mapilisi a alamu

...nde dikirani kaye ndimalize, musandidule kkkk. Nkhani yake ndi ya a sisi anga a Estere ndi amuna awo, alamu a Geresomo, asodzi aja a kwa Mlolo. A sisi andiuza okha dzulo tikuchapa, akuti ndakula tsopano, ndipo amaseka mpaka sopo kuwapulumuka m'manja.

Mukukumbukira madzi aja anasefukira chaka chatha? Anawatengera alamu bwato ndi maukonde onse. Kuyambira pamenepo munthu uja anangofota ngati nkhwani padzuwa la Okutobala. Osadya, osayankhula, kumangokhala pansi pa mtengo wa masau tsiku lonse maso ali gwa poti palibe kanthu. Mwana wawo Favour akawakwera pamsana, iwo osamuseka nkomwe. A sisi anawakoka mpaka kuchipatala. Adokotala anati ndi matenda ovutika maganizo, amachizika, nkuwapatsa timapilisi toti azimwa tsiku lililonse osadumphitsa.

Patatha mwezi ndi theka alamu anabwerera mwakale. Kudya ngati akulipsira, kuimba nyimbo za kwaya posamba, kupita kumadzi pa bwato la anzawo, milamba kumafikanso pakhomo. Tonse kuthokoza Mulungu.

Koma kuchipinda kunali zii kkkk. Amene munalangizidwa mukudziwa za mikanda, yoyera ija mayi amaika pamphasa pouza bambo kuti njira ndi yotsegula. A sisi anaika. Alamu anaitola bwinobwino nkuipachika pamsomali, akuti mwana angameze. Tsiku lina anaikanso. Anaipachikanso. Kachitatu anawafunsa a sisi ngati akufuna kachitini kosungiramo. Ine pamenepa ndinakhala pansi ndi kuseka.

Koma a sisi nthawi imeneyo samaseka ayi. Mumtima amati munthu akudya, akuimba, akuseka ndi anthu panja, ine yekha sakundiona, nde kuti alipo wina. Anayamba kukayikira a Otilia, mayi wina wopikula nsomba pa Bangula, chifukwa choti alamu amawasankhira milamba ikuluikulu. Mayi woti ali ndi zidzukulu zinayi kkkk. A sisi sanawafunse alamu, anangoyamba kulongedza zitenje pang'onopang'ono nkutumiza uthenga kwa ankhoswe kuti abwere, banja likutha.

Alamu nawo anali atazindikira kalekale kuti thupi linazizira chiyambireni mapilisi aja. Koma kuti akafunse kuchipatala, manyazi. Akuti adokotala ake ndi mtsikana wa msinkhu wa mlongo wawo wamng'ono, nkhani ngati imeneyo angaiyambe ndi mawu ati. Kuuza akazi awo, manyazinso. Nde mlandu anauweruza okha. Anasiya mapilisi mwakachetechete, nkukwera kabaza kukagula gondolosi pamsika wa Bangula, muzu uja azibambo amatafuna pofuna mphamvu. Amabisa m'thumba la jekete, ndipo jeketeyo osaivula. Jekete, kuno ku Nsanje, kutentha konse kuja.

Sabata isanathe zinthu zinasokonekera. Chizungulire, mutu, kupsa mtima ngakhale ndi nkhuku zomwe. Tsiku lina anadzandira m'bwato nkugwera m'madzi, mwayi panali posaya ndipo anzawo anawavuula msanga ng'ona isanamve. Ndipo chisoni chija chinayamba kubwereranso, munthu kumangokhala duu. Tsiku lomwe anagwa m'madzilo a sisi poyanika jekete nkupeza gondolosi. Basi umboni wakwana, akudzilimbitsira wa ku Bangula uja.

Loweruka ankhoswe anafika, a malume athu a Fanuel ndi a Symon a kuchimuna. A sisi anayala zonse, za mikanda, za milamba ya a Otilia, kenako nkuponya gondolosi uja pakati. Anati ngati akuwafuna a Otiliawo anene lero, iwo atenge mwana azipita kwawo. Akuti alamu anayankhula motsitsa.

"Mayi a Favour, gondolosiyu ndimatafunira inu. Kulibe wina. Mapilisi aja anandidzutsa mtima koma anandigoneka thupi, nde ndinawasiya."

A malume a Fanuel akuti anakhosomola kawiri pobisa kuseka. Anafunsa alamu ngati adokotala akudziwa zimenezi. Ayi. Ngati akazi awo anawauzapo. Ayi. Anatembenukira kwa a sisi, ngati iwo anafunsapo amuna awo asanayambe kulongedza. Ayinso. A Symon anangopukusa mutu, akuti apalasa njinga mtunda wonsewu kudzaweruza mapilisi. A malume anati mlanduwu si wa ankhoswe, Lolemba apite onse awiri kuchipatala, ndipo wina akachita manyazi mnzake amuyankhulire.

Anapitadi. Atalowa alamu anayamba ndi moni wautali, kufunsa za kunyumba, za kutentha, za msewu, mpaka a sisi anawaponda phazi nkufotokoza okha kkkk. Adokotala aja osadabwa nkomwe. Anati zimenezi zimachitikira anthu ambiri omwa mankhwala a mtundu umenewu, abambo ndi amayi omwe, ndipo njira yokonzera ilipo, bola munthu anene. Chimene sanakondwe nacho ndi kusiya okha mwadzidzidzi. Akuti chizungulire chija chinachokera pamenepo, ndipo matenda akanatha kubwerera mwamphamvu kuposa poyamba. Anawasinthira mankhwala, nkuwauza kuti adekhe masabata angapo, akaona chachilendo abwere adzanene, asakafunse kumsika. Alamu anangothokoza m'Chisena kuti takhuta, takhuta, chipewa chili m'manja.

Pano papita miyezi itatu. Alamu akumwa mankhwala awo poyera, akuseka mokweza mpaka oyandikana nawo kudandaula, ndipo akuti kudooko azibambo awiri anawakokera kale pambali kuwafunsa monong'ona kuti adokotala aja amapezeka tsiku liti. Ine ndinawafunsa a sisi kuti nanga mbali inayo zinayenda bwanji. Anandimenya ndi chitenje chonyowa kumsana, akuti kukula kwanga sikunafike pamenepo, koma nkhope yonse ili mwee ngati mkwatibwi.

Ndamutumizira mnzanga Flossy nkhaniyi m'mawa uno, wandiyankha chonchi: "Kkkk mwandipha. Anthu awiri nyumba imodzi, banja kutsala pang'ono kutha chifukwa cha funso limodzi lomwe aliyense amaopa kufunsa. Ukawauze onse awiri kuti akuluakulu sananame, safunsa anadya phula."