Asilikali a Bambo Mkuyu

Ana inu, mawu ena amene akulu amangoponya pocheza ali ndi eni ake, kungoti eni akewo anaiwalika. Lero mumve za mmodzi mwa iwo.

Pamsika wina wa m'mphepete mwa msewu wa ku Mchinji panali wogulitsa nyama ya mbuzi, dzina lake Mkuyu. A Mkuyu anali ndi thupi loti anthu ankachita kulicheukira. Khosi linali lamizeremizere, masaya onyezimira ngati opakidwa mafuta, ndipo mimba inkayamba kufika pakhomo eni ake akadali kumsewu. Mimbayo ankainyadira kwabasi. M'mawa ankadya chiwindi chokazinga, masana mang'ina, madzulo mafuta onse otsala pachiwaya, ndipo ndudu sinkazima pakamwa pawo.

Pafupi ndi benchi yawo panali telala wowonda, a Gelevazio, amene a Mkuyu ankawaseka tsiku ndi tsiku. "Achimwene, gwirani nsanamira, kukubwera mphepo!"

Koma akazi awo a Mkuyu, a Nangondo, ankaona zina. Pokwera kachitunda kochokera kophera mbuzi, amuna awo ankaima kawiri, n'kuwerama ngati akumanga zingwe za nsapato.

"Bambo a Tadala," anatero tsiku lina, "patapata mwavalayu zingwe zake zili pati?"

"Ndimayang'ana nthaka ine, ngati ili yachonde."

"Nanga dzanja limafuna chiyani pachifuwapo?"

Anakangana sabata yathunthu, mpaka a Mkuyu anavomera kupita kuchipatala. Sanavomere chifukwa chodzimva kudwala ayi, ankangofuna kuti mayiwo akachite manyazi pamaso pa adokotala.

Adokotalawo anali mayi wofatsa, a Kalinde. Anawapima kuthamanga kwa magazi, napukusa mutu. Kenaka anawatenga magazi. A Mkuyu, amene ankazinga mbuzi zinayi patsiku, atangoona jakisoni anatsinzina n'kuitana malemu mayi awo.

Zotsatira zitatuluka, adokotala anati, "Bambo, m'magazi mwa munthu muli maselo oyera amene timawatcha asilikali a m'thupi. Anuwa tawawerenga. Achuluka kupyola muyeso, chonsecho mulibe malungo, chilonda kapena chifuwa. Ndiye zimenezi..."

Makutu a bamboyo anatola mawu awiri okha: asilikali, achuluka. Anadzambatuka, anagwira adokotala chanza ndi manja awiri, n'kutuluka.

"Bambo, sindinamalize!"

Koma iwo anali atafika kale pakhonde pomwe akazi awo ankadikira. "Tiyeni kwathu, mayi. Mwagwa nayo."

Pofika pamsika nkhani inali itanenepa kuposa eni ake. "Adokotala achita kugwira pakamwa! Akuti chiyambire ntchito sanaonepo asilikali ochuluka chonchi mwa munthu mmodzi. Ndine kampu yoyenda ine!" Anatembenukira kwa telala uja. "Inu achimwene, mwina muli ndi mlonda mmodzi, nayenso ali m'tulo."

Kuyambira tsikulo anthu anayamba kuwatcha Jenerale, ndipo ena powadutsa ankachita sawatcha ngati asilikali. A Mkuyu anawonjezera mang'ina. A Nangondo akawaphikira chisoso, ankakankha mbale. "Munamva kuti zoti asilikali amadya masamba?"

Tsiku lina la msika, dzuwa lili paliwombo, tonde wina amene ankadikira mpeni anadula chingwe. Anadutsa pa tomato, anagubuduza dengu la usipa, n'kulunjika kachitunda kaja. Msika wonse unaimirira.

"Jenerale, tumizani asilikali!"

A Mkuyu anataya chikwanje, naliyatsa liwiro. Anthu anaimba mluzu. Mimba inkapita uku, mwini wake uku. Koma asanafike pakati pa chitunda, anamva ngati wina wawasanjika thumba la chimanga pachifuwa. Ululu unakwawira kumkono wamanzere mpaka kunsagwada, thukuta lozizira linatsika, mpweya n'kukana kulowa. Anakhala pansi pafumbi, khuu. Anafuna kunena kuti akuyang'ana nthaka, koma mawu sanatuluke. Apo m'pamene a Mkuyu anayamba kuchita mantha enieni.

Woyamba kufika anali a Gelevazio, tepi yoyezera ikadali m'khosi, akukankha wilibala yonyamulira nyama. Amuna anayi anawakweza a Jenerale m'menemo, miyendo lendelende. A Nangondo ankathamanga pambali akuwakupiza ndi chitenje. Panjira, mayi wina wosaona bwino anaimitsa wilibala n'kufunsa ngati chiwindi chilipo. Tonde uja sanaonekenso mpaka lero.

Kuchipatala anawalandira mwachangu, anawapatsa mankhwala, ululu n'kuyamba kuzizira. M'mawa mwake a Kalinde anabwera, nakoka mpando pafupi ndi bedi.

"Poti lero simungathawe, ndimalize mawu anga aja. Bambo, mukadzuka n'kupeza asilikali adzaza mumsewu, mumati kunja kuli mtendere?"

A Mkuyu anapukusa mutu. "Ayi, adokotala. Ndiye kuti kwavuta."

"N'chimodzimodzi m'thupi. Utsi wa fodya ndi mafuta ochuluka zimavulaza m'kati mwa mitsempha yodyetsa mtima. Asilikali amathamangira pamabalapo, n'kuunjikana pamodzi ndi mafuta aja, njira ya magazi n'kumachepa. Kuchuluka kwawo pakokha sikunena zonse. Koma ndikaphatikiza ndi fodya wanu, kuthamanga kwa magazi, ndi kubanika kwanu pachitunda, ndiye kuti nkhondo ilipo, ndipo ikuchitikira pafupi ndi mtima. Dzulo munapulumukira mkamwa mwa mbuzi."

"Mbuziyo musaitchule," anatero a Mkuyu motsitsa mawu. Kenaka anapempha, "Komabe ndiwaoneko asilikali angawo."

Atapezako mphamvu, anawatengera kuchipinda choyezera magazi, nawaonetsa poika diso pamakina okuza tinthu ting'onoting'ono. A Mkuyu ankayembekezera zinthu zooneka mwaulemu, za majombo mwina ndi zipewa. Anasuzumira, anapukuta diso, anasuzumiranso. Anangoona timadontho mbwee.

"Aa! Zimenezi? Izitu ndi nyerere zokhazokha!"

A Nangondo anayang'ana amuna awo kuyambira kumasaya onyezimira aja mpaka kumimba, nausa moyo. "Chikomekome cha Mkuyu," anatero, "m'kati muli nyerere."

Anamwino amene anali pomwepo anaseka mpaka kugwira khoma, ndipo mawuwo anafika pamsika a Mkuyu asanatuluke n'komwe m'chipatala.

Bamboyo anatumizidwa kuchipatala chachikulu komwe anakapimidwa mtima, nabwerako ndi mankhwala akumwa tsiku lililonse. Fodya anamusiya movutikira, akukalipira aliyense kwa mwezi wathunthu. Chisoso anayamba kudya, ngakhale ankatseka chitseko kuti anthu asaone. Mathalauza awo onse anakawachepetsa kwa a Gelevazio, ndipo telalayo, poyeza chiuno, ankangoimba kanyimbo. A Mkuyu anakhala ndi moyo mpaka kuona zidzukulu.

Zaka zitapita, anthu anamuiwala wogulitsa nyama uja, n'kumayesa kuti mwambiwu ukunena za mtengo wa mkuyu. Sanalakwitse kwenikweni, pakuti chipatso chake nachonso chimapsa mokopa maso, koma ukachibenthula umapeza tizilombo tili yakaliyakali.

Tsono mukamva akulu akuti, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," akutanthauza kuti maso amaona khungu lokha. Munthu, katundu, ngakhale thupi lanu lomwe, likhoza kusalala kunja pomwe m'kati zinthu zavuta. Musagamule msanga chifukwa cha maonekedwe. Ndipo wodziwa kusuzumira m'kati akayamba kukuuzani zimene waona, khalani pansi mpaka amalize.