Khonde la a Paison

"Bambo a Tracy, musalimbane ndi ngalande," adatero mayi Lufina m'mawa wina akusesa pakhonde pa shopu ya amuna awo. "Ife tili kumunsi kwa onse. Madzi sadziwa kuti wapampando ndani."

A Paison adatsonya. "Iwe sesa. Za amuna uzisiye."

Nkhani yake inali yotere. Pamsika wa Tsangano panali mzere wa mashopu wotsetsereka, ndipo mvula ikayamba pankachita matope oti ng'ombe nkutitimira. Ogula mbatata ya kachewere ankaimika malole awo kutali. Ndiye eni mashopu adakhala pansi napanga bungwe lawo. Adapangana kuti aliyense azisonkha mwezi ndi mwezi molingana ndi kutalika kwa khonde lake: wa khonde lalitali zambiri, wa kaokala pang'ono. Amayi ogulitsa tomato ndi kabichi pansi, poti analibe khonde, chopereka chawo chinali kututa mchenga ndi kutunga madzi. Msonkho wa msika unkapitabe ku khonsolo monga kale. Izi zinali zapadera, zolipira mlonda, wosesa, ndi kugula simenti ya ngalande. A khonsolo adavomera.

Khonde lalitali kuposa onse linali la a Paison, choncho mpando adali atadzipatsa kale mumtima. Koma pa chisankho shopu iliyonse inali ndi dzanja limodzi basi, ndipo manja ambiri adakwezedwera Goliati. Goliatitu ameneyu adakulira pa sikelo ya a Paison, akuwasenzera matumba, asanatsegule kagolosale kake kumtunda kwa mzerewo.

Inu, nsanje muziiopa. Imalowa ngati chiswe, osamveka phazi, udzazindikira mtengo wa denga utatsala khungwa. A Paison akamva anthu akuitana Goliati kuti "Tcheya! Tcheya!" ankangotsonya. Goliati akadutsa atavala jekete lake lakale lomwe lija, iwo ankakodola wogula aliyense: "Mwaliona jekete? Simenti yathu imeneyo." Adasiya kusonkha, adasiya kupita ku misonkhano. Amisiri atakumba ndi kuwaka ngalande kuchokera kumtunda mpaka kufika pa malire a khonde la a Paison, adawapeza ataimika ngolo yawo pomwepo, atachotsa ndi matayala omwe.

Goliati adabwera yekha, chipewa chili m'manja.

"Madala, patsala panu pokha kuti titulukire kukhwawa. Ngati vuto ndi chopereka, komiti yati mudzapereka mukagulitsa kachewere."

"Iwe Goliati, mapewa ako akadali ndi zipsera za matumba anga, lero undilamule pakhonde panga?"

"Sindikulamula ayi, madala. Mitambo mukuiona."

"Ngalande yako ithere pomwepo. Anthu aone okha kuti adasankha tcheya wosatha kumaliza ntchito."

Ndiye cholinga chawo chimenecho: ngalande ikhale yoduka, matope abwerere, anthu am'dzudzule Goliati pa chisankho chotsatira. Mayi Lufina adayesa kutuma alamu awo, adayesa mkulu wa mpingo, koma zonse zidangogwera pamwala. Chomwe chinkawasowetsa tulo mayiwo chinali m'chipinda chakumbuyo kwa shopu: matumba a kachewere osanjikizana mpaka kudenga, chuma chonse cha banja, odikira kuti mtengo ukwere. Chipindacho chinali cha zidina zosaotcha.

Mvula idabwera masana, anthu ali pakati pa malonda. Kale madzi ankamwazikana msika wonse, aliyense nkulandirako matope ake pang'ono. Tsopano onse adasonkhana m'ngalande imodzi ya simenti ija, natsika akulira ngati chigayo. Atafika pa ngolo ija adasowa kolowera, adakhotera pakhonde la a Paison, nalowa pakhomo, ena nazungulira kukadya khoma kumbuyo. Mayi Lufina adangotha kutulutsa mwana wawo wamng'ono ndi wailesi. Khoma lidagwada, kenaka lidagona pa matumba.

Woyamba kufika ndi khasu anali Goliati, pambuyo pake amayi a tomato aja. Adakankha ngolo, nakumba pakhonde lomwelo osapempha munthu, mpaka madzi adapeza njira ya kukhwawa. A Paison adaima chilili mvula ikuwakhuthukira.

Kachewere wonyowa sadikira munthu. Sabata isanathe fungo lidafika mpaka kumsewu, ntchentche zili ng'waa. Malole adayamba kuima kumtunda kouma, ogula akudutsa pa a Paison atatseka mphuno. Ng'ombe ziwiri za pangolo zidagulitsidwa kuti khoma liimenso, ndipo Tracy chaka chimenecho sadabwerere ku sekondale. Pa chisankho chotsatira Goliati sadapikisane ndi munthu.

Taonani, mudziyang'anire mitima, inu ochita malonda moyandikana makonde. Dzenje adakumbira mnzawo, koma lidali pakhomo pawo pomwe. Akuluakulu adati choipa chitsata mwini.