Mutu wa Kwinto

Kalekale, m'mzinda wina wolamulidwa ndi Aroma, munali mayi wamasiye dzina lake Vibiya. Mwana wake mmodzi yekhayo, Kwinto, anafera ku nkhondo ya Kaisara, ndipo mtembo wake sunabwere. Chimene mayiyo anatsala nacho ndi mutu wa mwanayo, wosemedwa pa nsangalabwi asananyamuke.

Masiku amenewo anyamata onse ankapesa motsanzira Kaisara: tsitsi logwera pamphumi, logawika pamwamba pa diso ngati mchira wa namzeze. Amisiri nawo anali atangoyamba kuboola mwanadiso pa zosema kuti maso azioneka amoyo. Koma posema mutuwu, Vibiya anagwira dzanja la mmisiri. "Mwana wanga musamuboole m'maso," anatero. Maso aja anatsala osalala.

Kaisara uja anaphedwa. Wolowa m'malo mwake analamula kuti nkhope ya mnzakeyo ifafanizidwe paliponse, ndipo wopezeka akuisunga aponyedwe kwa mikango. Mnansi wina anasuzumira m'nyumba mwa Vibiya, naona tsitsi lija, nathamangira kwa asilikali.

Pabwalo la milandu, woweruza anagogoda mutuwo ndi ndodo.

"Mayi, uyu ndani?"

"Ndi mwana wanga, bwana."

"Kaisara wakufayu anali ndi mwayi," anatero woweruza. "Mwezi uno mayi aliyense akuti anamubereka ndiye."

Anthu anaseka.

Vibiya anali ndi alongo atatu, amalume ake a Kwinto: Gaviyo, Maniyo ndi Silivano.

Gaviyo, wamkulu, anali ataphunzira kwa Agiriki ndipo ankadziwa kuwerenga zaka za chosema. Anaimirira. "Bwana, taonani maso. Zosema zonse za nthawi ya wakufayo n'zoboola mwanadiso. Awa ndi osalala. Mutu uwu unasemedwa agogo athu asanabadwe. Ndi Mgiriki wina amene dzina lake linaiwalika kalekale." Gaviyo analipo tsiku limene mlongo wake anagwira dzanja la mmisiri. Analumbira pa milungu osaphethira.

"Za maso ndamva," anatero woweruza. "Koma wodutsa pamsewu amaona tsitsi."

Maniyo, wachiwiri, anali mmisiri wosema miyala. "Tsitsi ndi ntchito yochepa, bwana," anatero, natenga nyundo ndi tchizulo. Woweruza analamula kuti mayiyo akhale pomwepo, aziona, mpaka ntchito ithe. Inatenga masiku. Kaisara watsopano anali nkhalamba yadazi, ya masaya olowa. Maniyo anagumula tsitsi, nakumba masaya, najambula makwinya pamphumi pa mnyamata amene sanakhale ndi moyo mpaka kuchita makwinya. Pomaliza anaboola maso. Vibiya sanalire. Ankangotola tizidutswa togwera kumapazi kwake, mpaka msilikali wina anamuponda zala.

Woweruza anakondwera. "Mwala wapulumuka. Mayi, tsopano uyu ndani?"

"Ndi mwana wanga, bwana."

Woweruza anachita tsinya. "Ngati mayiyu akunena zoona, mlongo wake walumbira zabodza. Ngati akunama, wanyoza bwalo. Mikango sisankha."

Apo anaimirira Silivano, wamng'ono. Iyeyu analibe maphunziro kapena luso. Ndi amene anatchula Kwinto dzina, ndi amenenso anamuphunzitsa kukwera hatchi. Anayang'ana pansi. "Bwana, achemwali athuwa mutu suyenda. Sanaberekepo. Kwinto amene akumunenayo kulibe, ndipo sanakhalepo. Funsani abale angawa."

Gaviyo anagwedeza mutu kuvomera. Maniyo nayenso.

"Achimwene," anatero Vibiya chapansipansi, "munamunyamula ndi manja amenewo."

"Mwamva, bwana? Ndi mmene amachitira," anatero Silivano.

"Chotsani wamisalayu," anatero woweruza. "Angatidwalitsire mikango."

Vibiya anakhala ndi moyo. Mutu uja anauika pamsika, pamwamba pa thupi lamwala, ndipo ogulitsa ankaugwadira. Ophunzira akadutsa ankanong'onezana kuti mutuwo ndi waung'ono kuposa khosi lake, ndipo makutu akula, chizindikiro chakuti pansi pa nkhopeyi panali ina. Ankatsutsana kuti inali ya yani. Palibe anafunsa wamisala.

Kuseri kwa khutu lamanzere kunatsala kampotole kamodzi ka tsitsi lakale. Kaya Maniyo anakasiya dala kaya tchizulo sinafikeko, iye sananene, ndipo mlongo wake sanafunse. M'mawa uliwonse Vibiya ankaima pa zala, nakagwira. Ana ankamugenda ndi makoko a zipatso, akuimba kuti amayi ake a Kaisara afika.

Patapita zaka, anadwala matenda omaliza. Alongo atatu aja anaima m'mbali mwa kama.

"Ndikanapanda kulumbira, mikango ikanakudyani tsiku lomwelo," anatero Gaviyo.

"Ndikanapanda kusema, mwala ukanaphwanyidwa, inu n'kutsatira," anatero Maniyo.



"Munandipulumutsa, sindikukana," anatero Vibiya. "Achimwene aakulu munamuchotsa m'masiku ake. Inu a Maniyo munamuchotsa nkhope. Inu a Silivano munamuchotsa m'mimba mwanga. Mwambo wathu ukuti mwana ndiye amatseka maso a mayi wake, koma ine mwana ndilibe, munatero inu. Anditseke maso mmodzi yekha, amene anamulakwira pang'ono Kwinto. Enanu musandikhudze."

Anamwalira asanatchule dzina. Anagona maso ali tong'o, akuyang'ana kudenga, atatuwo manja ali kumbuyo, ntchentche zitayamba kale kutera.

Inu amene mwamva nkhaniyi, mtembo sungadikire. Atambasule dzanja ndani: amene anakana zaka za mwanayo, amene anagumula nkhope yake, kapena amene ananena kuti sanabadwe?